Tsamba lililonse lisenze zovala zake zokha

Pali liwu limodzi limene ife ophunzira za makompyuta timagawana ndi anthu akwathu ku Bwanje, ngakhale kuti timatanthauza zinthu ziwiri zosiyana. Liwulo ndi bandulo. Kwa mlimi wa ku Bwanje, bandulo ndi data imene wagula ku Airtel kapena ku TNM ndi ndalama ya mpunga, ya thonje kapena ya ganyu. Kwa ife, bandulo ndi fayilo imodzi yaikulu imene timaunjikamo CSS yonse ya webusayiti tisanaiike pa intaneti. Mabandulo awiriwa amadyana. Yathu ikanenepa, ya mlimi uja imaonda, ndipo nthawi zambiri iye sadziwa n'komwe chimene chamudyera.

Chimene ndikutsutsa ndi chizolowezi chimene ndachiona m'mapulojekiti ambiri a ophunzira, ngakhalenso m'mawebusayiti ena amene anthu analandira malipiro kuti apange. Munthu amatenga CSS ya tsamba loyamba, ya fomu yolembetsera, ya malo a zithunzi, ya chipinda cha admin chimene amalowamo anthu atatu okha, n'kuzimanga mtolo umodzi. Mtolowo amasenzetsa aliyense amene watsegula tsamba lililonse. Ine ndikuti tsamba lililonse lizinyamula CSS yake yokha, pamodzi ndi kagawo kakang'ono kamene masamba onse amagawana. Anzanga ena amati iyi ndi nkhani ya mu labu, yokambirana akatswiri okhaokha. Koma pamapeto pake ndi imene imasankha amene atsegule tsamba lathu ndi amene abwerere pakhomo.

Kwa inu a zamalamulo, a zaulimi ndi a zauphunzitsi, ndifotokoze kaye. Tsamba la pa intaneti lili ndi zigawo zitatu. HTML ndi thupi: mawu, mitu ya nkhani, mabokosi a fomu. CSS ndi zovala: mitundu, kukula kwa zilembo, malo amene batani likhale, mmene tsamba lipindikire kuti likwane pa sikirini ya foni. JavaScript ndi imene imayendetsa zinthu mukadina. Maganizo a CSS anabwera ndi Håkon Wium Lie mu 1994 ali ku CERN, ndipo bungwe la W3C linaivomereza mu December 1996. Cholinga chake chinali chabwino: kusiyanitsa mawu ndi maonekedwe, kuti fayilo imodzi ithe kuveka masamba ambiri.

Pali khalidwe limodzi la CSS limene aliyense wopanga mawebusayiti ayenera kulidziwa ngati dzina lake. Browser ikalandira HTML n'kupeza kuti tsambalo likufuna fayilo ya CSS, imaima. Siionetsa kanthu kufikira fayilo yonseyo itafika n'kuwerengedwa. Imatero dala, poopa kukuonetsani tsamba lili maliseche kenako n'kumaliveka inu mukuyang'ana. Chithunzi chikachedwa, mumayamba kuwerenga mawu pamene icho chikubwera. CSS ikachedwa, mumangoyang'ana sikirini yoyera ngati ufa. Mawu amene mukufuna amakhala afika kale m'foni mwanu, koma atsekeredwa kudikira zovala, ndipo zambiri mwa zovalazo n'za masamba amene simudzawatsegula.

Amene anayambitsa zomanga mtolo umodzi sanali opusa. M'masiku a HTTP/1.1, browser inkatsegula njira zisanu ndi imodzi zokha zopita ku seva imodzi pa nthawi imodzi. Mafayilo akakhala makumi awiri, ena ankaima pamzere ngati kuchigayo. Nzeru ya nthawiyo inali kuphatikiza zonse kuti ulendo ukhale umodzi. Ruby on Rails 3.1 itatuluka mu 2011 inabwera ndi dongosolo losonkhanitsa CSS yonse mu fayilo yotchedwa application.css. Webpack, imene Tobias Koppers anayamba mu 2012, inafalitsa kaganizidwe ka bandulo kwa anthu ochuluka zedi. Pa nthawi yake, mankhwalawo ankachiza matenda enieni.

Koma mu 2015 kunabwera HTTP/2, imene imalola mafayilo ambiri kuyendera limodzi m'njira imodzi. Mzere wakuchigayo uja unachepa kwambiri. Kutumiza mafayilo atatu ang'onoang'ono m'malo mwa limodzi lalikulu sikulinso chilango monga kale. Vuto n'lakuti ambirife tinaphunzira ntchitoyi pa mavidiyo a YouTube ndi m'mapulojekiti amene tinakopera kwa a chaka chapamwamba, ndipo mmenemo chizolowezi chakale chidakalipo. Timamwabe mankhwala a matenda amene anapola, ndipo amene akumva kuwawa kwake ndi munthu wina.

Taonani mmene mtolo umakulira. Pulojekiti imayamba ndi Bootstrap, imene Mark Otto ndi Jacob Thornton anatulutsa ku Twitter mu 2011. Fayilo ya CSS ya Bootstrap 5 payokha imaposa 200 KB isanafinyidwe, ndipo ikafinyidwa ndi gzip imatsika kufika pafupifupi 30 KB. Kenako timaonjezera fayilo ya tizithunzi ta pamabatani, yokhala ndi tizithunzi mazanamazana pamene tikufuna tisanu. Timatsitsa template yaulere, nayo ili ndi CSS yake. Timaonjezera ya kalendala, ya zithunzi zoyenda zokha pamwamba pa tsamba, ya matebulo a admin. Palibe tsiku limene munthu amakhala pansi n'kunena kuti lero ndipanga tsamba lolemera. Pang'onopang'ono ndi mtolo, anatero akuluakulu, ndipo pano mwambiwu ukugwira ntchito motipweteka.

Simuyenera kungokhulupirira mawu anga. Tsegulani pulojekiti yanu mu Chrome, lowani mu DevTools, pezani chida chotchedwa Coverage, n'kuyambitsanso tsambalo. Chidacho chimakuonetsani fayilo iliyonse ndi kuchuluka kwa zimene zagwiradi ntchito pa tsamba limenelo poyerekeza ndi zimene zangobwera kudzaperekeza. Yesani pa tsamba lolowera, lija lili ndi mabokosi awiri ndi batani limodzi. M'mapulojekiti amene ndaunikapo ndi anzanga, gawo losagwira ntchito ndi limene limakhala lalikulu, ndipo limaposa linzake kutalitali. Munthu akaona yekha ndi maso ake mkangano umatha msanga.

Tsopano tiwerengetsere. Tiyerekeze kuti mtolo wanu ndi 300 KB ndipo seva sinauzidwe kuti izifinya mafayilo. KB imodzi ndi ma kilobit 8, choncho mtolowo ndi ma kilobit 2,400. Pa netiweki imene ikuyenda ma kilobit 400 pa sekondi, amenewo ndi masekondi 6 a sikirini yoyera, tisanawerengere nthawi yofunafuna seva, yopatsana moni wa chitetezo, ndi ya HTML yeniyeniyo. Tsamba lomwelo litanyamula 30 KB yokha, kudikirako kumatsika kufika pansi pa sekondi imodzi. Pa Wi-Fi ya pasukulu kapena pa laputopu yanu pamene seva ili m'kompyuta momwemo, kusiyana kumeneku simungakuone. N'chifukwa chake timapereka mapulojekiti otere ndi mtima woyera.

Ku Bwanje kusiyanako kumaoneka. Tili m'chigwa, kumunsi kwa mapiri a Ntcheu, m'dera limene msewu wa M5 umadutsa polumikiza Balaka ndi Salima. Ukamachoka kumsewu kulowera m'midzi, kachilembo ka pakona ya foni kamasinthasintha, ndipo kakafika pa E umadziwa kuti lero ndi la kudekha. Netiweki yotere sikuti imangochedwa, imadukaduka. Tsamba lofuna masekondi awiri limatha kulowa pa kampata kamene netiweki yagwira. Tsamba lofuna masekondi khumi ndi asanu limapezeka kuti mpata watsekeka lisanathe. Ukadina kuti liyambirenso, nthawi zambiri ulendo umayambira pachiyambi, ndipo data imene inapita kale ija siibwerera. Batire nayo ikutha, pamene kotchajitsa n'kolipira ndipo n'kutali.

Ganizirani amene amatsegula mawebusayiti a m'dziko muno ali kumeneko. Ndi mtsikana amene walemba MSCE ndipo akufuna kuona ngati dzina lake latuluka. Ndi mnyamata amene wasankhidwa ku yunivesite ndipo akufuna kulemba fomu ya ngongole tsiku lomaliza lisanakwane. Ndi mnzathu amene anamaliza digiri, wabwerera kumudzi, ndipo akusaka malonda a ntchito pa foni ya Itel kapena Tecno. Ndi mphunzitsi wa kupulayimale, ndi mlangizi wa zaumoyo. Onsewa amafanana pa chinthu chimodzi: abwera kudzafuna tsamba limodzi, mwina awiri. Sanabwere kudzayendera webusayiti yonse. Ndipo si kagulu kapadera koti tingakaiwale. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa anthu 17.5 miliyoni a m'Malawi, 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi, ndipo boma la Ntcheu lokha linali ndi anthu oposa 650,000. Wachilendo pa intaneti ya Malawi ndi uja wa Wi-Fi yothamanga.

Palinso mtunda. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, kotero intaneti yathu imadutsa m'mayiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique isanakafike ku zingwe za pansi pa nyanja. Ambirife timasunga mawebusayiti pa maseva otchipa a ku Ulaya, ku America kapena ku South Africa. Funso lililonse limene foni ifunsa seva limayenda ulendo wonsewo kupita ndi kubwera. Komanso seva sitaya katundu yense nthawi imodzi. Pa ulendo woyamba imatumiza pafupifupi 14 KB, n'kudikira kuti imve ngati zafika, kenako n'kuonjezera. Fayilo ikakula, maulendo oterewa amachuluka. Choncho CSS imene ingakwane m'maulendo oyambirira ndi yamtengo wapatali kuposa mmene kukula kwake kumaonekera.

Nanga tichite bwanji? Njira imene ndimaikhulupirira ili ndi magawo atatu. Loyamba ndi maziko: fayilo yaing'ono yokhala ndi zimene tsamba lililonse limafunadi, monga zilembo, mitundu, mutu wa tsamba, kumapazi kwake ndi mabatani. Lachiwiri ndi fayilo ya tsamba lililonse, kapena ya gulu la masamba ofanana: ya mafomu payokha, ya nkhani payokha, ya admin payokha. Lachitatu, pa masamba ochepa amene anthu ambiri amafikirapo, monga lolowera kapena la zotsatira, ndi kuika mizere yofunikitsitsa ya CSS m'kati mwa HTML momwemo kuti tsamba lioneke pa ulendo woyamba, zotsalazo zibwere pambuyo. Gawo lachitatuli likhale laling'ono kwambiri chifukwa limabwera mobwerezabwereza nthawi iliyonse tsambalo likatsegulidwa.

Zida zochitira zimenezi tili nazo kale, ndipo n'zaulere. Ngati mumalemba Sass, imene inayamba mu 2006, gawani ntchito yanu m'timafayilo ting'onoting'ono, ndipo tsamba lililonse likhale ndi fayilo yake yoitana tokhato timene likufuna. Bootstrap imalola zimenezi: mutha kutenga grid, mafomu ndi mabatani n'kusiya carousel, modal ndi zina zonse. Ngati mumagwiritsa ntchito Vite, imene Evan You anatulutsa mu 2020, imagawa yokha CSS motsatira mmene mwagawira code yanu, pokhapokha mutazimitsa nokha cssCodeSplit kapena mutaitanira chilichonse mu fayilo imodzi yoyambira. Laravel, imene ambirife timapangira mapulojekiti a chaka chomaliza, inasamukira ku Vite mu 2022, ndipo mu Blade muli push ndi stack zimene zimalola tsamba kuonjezera CSS yake popanda kukhudza masamba ena.

A WordPress nanunso muli ndi njira. Mu functions.php mutha kufunsa kaye ndi is_page kuti ili ndi tsamba liti musanaitane wp_enqueue_style, ndipo mutha kuchotsa ndi wp_dequeue_style CSS ya ma plugin amene amaponya katundu wawo pa tsamba lililonse, monga ya fomu yolumikizirana imene imapezeka pa tsamba limodzi lokha. Pambuyo pa zonsezi pali tintchito ting'onoting'ono tosatenga ola. Yatsani gzip kapena Brotli pa seva. Ikani chizindikiro cha print pa CSS yosindikizira kuti browser isaidikire. Pewani import ya m'kati mwa fayilo ya CSS imene mukutumiza kwa anthu, chifukwa browser imayenera kutsitsa fayilo yoyamba kuti idziwe za yachiwiri, ndiye maulendo aja amangotsatana. Lolani chida chanu chiike hash pa dzina la fayilo kuti foni iisunge nthawi yaitali popanda kufunsanso.

Ndikudziwa zimene anzanga amayankha, ndipo zina n'zomveka. Yankho lamphamvu kwambiri ndi la cache. Amati mtolo umodzi umapweteka kamodzi kokha: foni ikautsitsa imausunga, ndipo masamba ena onse amatseguka ngati mphezi. Izi n'zoona, ndipo pa pulogalamu imene munthu amalowamo tsiku lililonse, monga ya akalaliki a mu ofesi, mtolo umodzi wosamalidwa bwino ungakhale wabwino. Koma mfundoyi imaganiza kuti padzakhala ulendo wachiwiri. Mtsikana wofuna zotsatira uja alibe ulendo wachiwiri. Akulipira mtengo wonse wa mtolo n'kudya phindu la tsamba limodzi. Mwina foniyo ndi ya mlamu wake. Mwina ndi foni ya malo ochepa imene mwini wake amafufutamo zinthu sabata iliyonse kuti WhatsApp ipume. Komanso mukasintha mtundu wa batani limodzi la mu admin, hash ya mtolo wonse imasintha, ndipo aliyense amatsitsanso zonse. Mukagawa, chimasintha ndi kafayilo ka admin kokha.

Ena amadalira CDN. Amati Bootstrap ikatengedwa pa seva yotchuka, foni imakhala nayo kale kuchokera ku mawebusayiti ena amene munthuyo anayendera. Zinalidi choncho kale. Koma kuyambira pa Chrome 86, mu October 2020, browser imasunga cache ya webusayiti iliyonse payokha pofuna kuteteza chinsinsi cha anthu, ndipo Safari inayamba kutero zaka zingapo m'mbuyomo. Bootstrap imene foni inatsitsa pa webusayiti ina siithandiza yanu. Chimene mwaonjezera n'chakuti foni ikafunefune seva yachiwiri ndi kupatsana nayo moni isanalandire kanthu.

Yankho lachitatu limati ndikuthamangitsa mbewa njovu ili m'munda. CSS ndi yaing'ono poyerekeza ndi zithunzi ndi JavaScript. Pa nkhani ya ndalama, ndikuvomereza: chithunzi chimodzi cha abwana chimene chinaikidwa osachepetsedwa chimatha kudya data yoposa CSS yonse. Chepetsani zithunzi, ndipo chepetsani JavaScript. Tsamba la 2 MB limatseguka maulendo 50 pa bandulo ya 100 MB, pamene la 200 KB limatseguka maulendo 500. Koma pa nkhani ya nthawi, CSS ili pamalo apadera chifukwa ndi imene yagwira kiyi wa chitseko. Chithunzi cha abwana chikalephera kufika, dzina la mtsikana uja limawerengekabe. CSS ikalephera kufika, amangodikira. Ndipo ndaona kuti munthu amene waphunzira kufunsa kuti tsamba ili likufunadi chiyani pa CSS, amayamba kufunsa funso lomwelo pa china chilichonse.

Yankho lachinayi ndi lakuti kugawa kumabweretsa mavuto ake, ndipo apa sindikana. Mu CSS, malamulo awiri olemera mofanana akasemphana, limapambana ndi limene labwera pomaliza. Mukagawa mafayilo, ndondomeko yobwerera imatha kusintha, n'kupeza kuti batani limene linali lobiriwira lasanduka lotuwa pa tsamba limodzi lokha. Zida zochotsa CSS yosagwira ntchito, monga PurgeCSS, zimatha kuchotsanso class imene JavaScript imaika pambuyo munthu atadina, ndiye uthenga wochenjeza umatuluka wopanda mtundu wake wofiira. Kugawa mopitirira muyeso, timafayilo makumi anayi ta mizere isanuisanu, nakonso n'kulakwa, chifukwa timafayilo ting'onoting'ono sitifinyika bwino. Koma onsewa ndi mavuto okhala ndi mankhwala odziwika: maziko azibwera poyamba nthawi zonse, mayina a class a tsamba lililonse akhale ndi chiyambi chawochawo, ma class a JavaScript alembedwe pa mndandanda wa zosachotsa. Chachikulu n'chakuti mavutowa amagwera ife amene tinaphunzira ntchitoyi ndipo tili ndi laputopu. Mavuto a mtolo umodzi amagwera munthu amene sangachitepo kanthu. Posankha woti asenze, ine ndikuti asenze wolipidwa.

Yankho lomaliza ndi la chiyembekezo: netiweki ikupita patsogolo, 4G ikufalikira, Starlink inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndiye vutoli lidzatha lokha. Ndingakonde zitatero. Koma zipangizo zonsezi zimagulidwa kunja, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Foni yatsopano si chinthu chimene banja la ku Bwanje limagula chaka ndi chaka. Foni yakale, ngakhale itapeza 4G, imafunikabe kuwerenga lamulo lililonse la mu fayilo ija ndi ubongo wake wofooka. N'chifukwa chake anthu ambiri amakakamira Opera Mini, imene imadutsitsa masamba pa maseva ake n'kuwafinya asanafike pafoni. Iwo anapeza kale njira yodzitetezera ku masamba athu. Komanso mbiri ya intaneti imasonyeza kuti njira ikakula, opanga masamba amangoonjezera katundu. Nsanja yatsopano ya netiweki ndi ya MACRA ndi makampani a mafoni, ndipo imatenga zaka. Kugawa CSS kuli m'manja mwathu, ndipo kumatenga masana amodzi.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti mayiko olemera, amene ali ndi intaneti yothamanga, ndi amene amasamala za ma KB amenewa. Mu March 2022 opanga webusayiti ya boma la Britain, GOV.UK, anachotsa jQuery pa masamba awo, katundu wa pafupifupi 32 KB, ndipo atayeza anapeza kuti amene anapindula kwambiri ndi anthu a mafoni ofooka ndi netiweki yochedwa. Imeneyo inali JavaScript, koma maganizo ake ndi omwewa: tsamba la boma ndi la nzika iliyonse, choncho liyezedwe ndi nzika imene ili pamavuto kwambiri. Ngati a ku London akuwerenga ma KB 32, ife amene anthu athu ambiri ali kumudzi tilibe chifukwa chowatayira mwachisawawa.

Ndili ndi pempho kwa aphunzitsi athu m'mayunivesite onse amene amaphunzitsa za makompyuta, kaya ku Zomba, ku Blantyre, ku Thyolo, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu. Tsiku loonetsa pulojekiti, wophunzira amaima kutsogolo ndi laputopu, seva ili momwemo, tsamba likutseguka m'kuphethira kwa diso, zithunzi zikuvina, ndipo malikisi amatsatira kukongola. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Onjezerani mphindi ziwiri zokha: wophunzira atsegule DevTools, achepetse liwiro la netiweki kufika pa 3G, azimitse cache, ayambitsenso tsamba, kalasi yonse iwerenge masekondi mokweza. Kenako aonetse Coverage. Perekani malikisi asanu pa zimenezi. Ophunzira timathamangira kumene kuli malikisi, ndipo m'chaka chimodzi chizolowezi chikhoza kusintha.

Pempho lachiwiri likupita kwa anzathu amene mwamaliza maphunziro ndipo tsopano muli m'maofesi a boma, m'mabanki ndi m'mabungwe, kumene mumalemba zofunika pa kontirakiti ya webusayiti yatsopano. Mumalemba za mitundu ya kampani, za logo, za chiwerengero cha masamba. Onjezerani mzere wa kulemera. Ine ndingaike kuti CSS imene browser iyenera kudikira pa tsamba lililonse la anthu wamba isapose 30 KB itafinyidwa, ndipo mawu a tsambalo azioneka pasanathe masekondi atatu pa 3G. Mutha kusintha manambalawa malinga ndi ntchito yanu, bola nambala ikhalepo ndipo iyezedwe musanasaine kuti ntchito yatha. Chimene sichinalembedwe mu kontirakiti palibe amene amachichita, ndipo wopanga webusayiti sangadzudzulidwe pa chinthu chimene sanafunsidwe.

Kwa ife amene tidakali pasukulu, tisadikire kuti wina atilamule. Ambirife tinachokera ku madera ngati Bwanje, ndipo tikudziwa bwino kuima pachulu n'kukweza foni m'mwamba. N'zodabwitsa kuti tikangogwira laputopu timaiwala msanga, n'kuyamba kupangira masamba anthu a ku California amene sadzawatsegula. Luso lopanga tsamba lopepuka ndi luso logulika ngakhale kunja, chifukwa makampani kulikonse amafuna masamba othamanga, ndipo ife tili ndi mwayi umene anzathu a kumeneko alibe: malo oyesera enieni tili nawo kwathu.

Choncho sabata ino tengani pulojekiti imodzi imene muli nayo. Sankhani tsamba limene munthu wamba angalifune kwambiri. Lembani kukula kwa CSS imene likutsitsa ndi masekondi amene likutenga pa 3G. Patulani maziko, patulani za tsambalo, chotsani zotsalazo, yatsani kufinya, muyezenso. Mukatero tumizani link kwa m'bale wanu wa kumudzi, amene foni yake ili ndi sikirini yong'ambika ndi bandulo ya tsiku limodzi, mumupemphe akuuzeni ngati latseguka ndi nthawi imene latenga. Akanena kuti likungozungulira, ntchito sinathe, ngakhale aphunzitsi atakupatsani A.